Apongozi anga anali msilikali, atisiya, tikufuna chipepeso chipite ku timu ya wrestling ya kusukulu. Tiyambire pati?

Mtengwa_PA

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno osalembako kanthu, koma lero ndabwera ndi yanga, mundithandizeko nzeru makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku America ndipo muli ndi ana ku high school.

Apongozi anga aamuna anatisiya mwezi wathawu. Anali msilikali wakale, anapita ku Vietnam mu 1968 atangomaliza kumene sukulu, osati mochita kufuna ayi, inali nthawi ija boma limangokutumizira kalata kuti tsiku lakutilakuti ukapezeke uko basi. Za kunkhondoko samakamba. Zaka zonse ndakhala pabanja pano ndinawamvapo kamodzi kokha, ndipo anangotchula za mvula ndi matope kenako nkusintha nkhani. Koma muwayambe za wrestling, eee khofi amachita kuzizirira mu kapu. Sindikunena wrestling ya pa TV ija yogendana ndi mipando ayi, ndikunena masewera ogwetsana enieni a kusukulu, ana awiri olemera mofanana pa mat, wina kulimbana kuti agoneke mnzake chagada. Iwo ankasewera ali ku high school konkuno ku Pennsylvania ndipo khutu lawo lakumanzere linali lopindika lolimba gwa, ana anga ali aang'ono ankakonda kuligwiragwira iwo nkumangoseka. March aliyense amalawirira m'mamawa pa galimoto mpaka ku Hershey kukaonera mpikisano wa state ku Giant Center, chonsecho mulibemo mwana wawo olo mdzukulu, amangopita ndi kabuku kawo nkumalemba mapointi ndi pensulo.

Pamaliro panabwera asilikali awiri ovala yunifomu, anapinda mbendera ija mpaka inasanduka ya makona atatu nkuipereka kwa apongozi aakazi, kenako lipenga la Taps linalira. Zimenezo timaziyembekezera. Chimene sitimayembekezera ndi azibambo ena akuluakulu ndithu, ena a imvi kale, amene anafola kumbuyo, ambiri makutu ngati a malemu omwe. Mmodzi anandigwira dzanja nkundiuza kuti nsapato zake zoyamba zogwetsanira anamugulira ndi apongozi angawo chifukwa makolo ake analibe, ndipo anamuuza kuti asauze munthu. Wina akuti ankamutenga Loweruka lililonse kupita naye ku mipikisano poti bambo ake amagwira ntchito usiku. Amuna anga amene ndi mwana wawo wobereka samadziwa chilichonse cha zimenezi, anangoti kakasi.

Nde pa chidziwitso cha maliro tinalemba kuti m'malo mogula maluwa anthu apereke ndalama, tidzazipititsa ku timu ya wrestling ya sukulu imene malemu anaphunzira. Chipepeso chimenecho kuphatikiza ndi zimene tasonkha a pabanja zakwana $6,200. Vuto layambira pamenepa. Amuna anga akufuna tigule mat yatsopano yolembedwa dzina la bambo awo, akuti aliyense wolowa mu gym aziliona. Alamu anga aakazi akuti ayi ikhale sikolashipu, chaka chilichonse mwana mmodzi womaliza sukulu azilandira kangachepe popita ku koleji. Apongozi aakazi akungoti chitani zimene mukuona ana anga, mtima sunakhazikike ndipo sindikufuna kuwavutitsa. Ine ndili pakati, poti ndine mtengwa sindikufuna kuoneka ngati ndikulamula pa maliro a eni, koma ndine amene andisiyira zoyendetsa mapepala onse.

Ndalama zotere timapereka kwa ndani, kwa kochi, ku ofesi ya sukulu kapena ku gulu la makolo lija amati booster club? Nanga timu yotere chimene imasowa kwenikweni nchiyani? Komanso ndinene chilungamo, khutu lija limandipatsa mantha, kodi sitikuthandizira masewera opweteka ana a eni?

BamboWaOhio

Pepani kwambiri achemwali, mzimu wa apongozi anu uwuse mumtendere. Nkhani ya nsapato ija yandikhudza chifukwa ndaziona ndi maso.

Mwana wanga wamwamuna akugwetsana chaka chachinayi tsopano, amasewera mu gulu la olemera mapaundi 132, ndipo ine ndakhala mu booster club zaka zitatu, kugulitsa matikiti pakhomo, kukolopa mat, zonse. Musanagwirizane chilichonse kunyumbako, pemphani kochi kuti mukaone practice tsiku limodzi, osati tsiku la mpikisano ayi chifukwa tsiku limenelo zonse zimaoneka bwino, mupite Lachiwiri wamba madzulo. Ndipo mukamufunse funso limodzi lokha, kodi ndi zinthu ziti zimene mumagula ndi ndalama za m'thumba mwanu. Akakuyankhani pamenepo mwadziwa pamene pali dzenje.

Za mat ndiwauzeko achimwene amuna anuwo mwaulemu. Mat ya mpikisano si kanthu kakang'ono, lamulo la NFHS, bungwe lopanga malamulo a masewera a ku high school kuno ku America, limati bwalo lozungulira logwetseranamo lisachepere mafiti 28 kuchokera uku kufika uko, kuwonjezera malo otetezera a mafiti 5 kuzungulira konse, nde mat yonse imakhala mafiti osachepera 38 mbali iliyonse, ndipo yatsopano yolembedwa dzina kawirikawiri imadutsa $10,000. Ndalama muli nazozo sizingakwane zokha. Chinanso, mat ya mpikisano amaiyala pokhapokha timu ikusewera pakhomo, masiku ochepa chabe pa season, ikatha amaikulunga nkukaiika ku stoo kuti a basketball alowe. Dzina lija limagona mumdima miyezi yambiri. Ngati mat ya sukuluyo yang'ambikadi kapena yauma, imeneyo ndi nkhani ina, mutha kuwonjezera pa thumba limene alipo kale akusonkha, koma musangoganiza muli kunyumba.

Chimene chimadya ndalama tsiku ndi tsiku ndi tinthu ting'onoting'ono. Nsapato, zoteteza makutu, ma singlet (zovala zothina zosewerera wrestling), ndalama zolembetsera mipikisano ya Loweruka, basi, hotelo ngati mwana wadutsa kupita ku state, ndiye ikatha season mu March ana ofuna kukula pamasewerawa amapitiriza freestyle ndi Greco-Roman, mitundu ina ya wrestling, pamenepo pamafunika khadi ya umembala ya bungwe la USA Wrestling ndi ma camp a mu summer. Mwana wa makolo opeza bwino amachita zonsezo, wa mayi amene akugwira ntchito ziwiri amangosiya mwakachetechete, sanena kuti ndilibe ndalama, amangoti zanditopetsa.

Mu chipinda chathu cha practice muli katoni pakona ya nsapato zakale zosiyidwa ndi ana amene anamaliza. Chaka chatha November ndinaona kamnyamata kena katsopano, kowonda, ka mapaundi 106, kakuvundula mu katonimo nthawi imene anzake atuluka kuti asakaone. Kanapeza zokula ndi masaizi awiri nkuzikulunga ndi tepi yoyera ija ya ma trainer, kanasewera nazo mpaka Khrisimasi. Pamene makolo tinazindikira nkusonkha kanali katatsala pang'ono kusiya. Apongozi anu akanakhalapo, mwa mmene mwawafotokozeramu, akanakaona tsiku loyamba lomwe.

Nchifukwa chake pa sikolashipu ya alamu anu ndili ndi kachikaiko. Si yoipa ayi, koma imapita kwa mwana amene wafika kale kumapeto, pomwe amene amafunika dzanja ndi uja wa chaka choyamba. Masewerawa ubwino wake ndi womwewo, kamwana kakang'ono kamene ku football sangakayang'ane nkomwe kali ndi malo ake pa 106, chimphona chili ndi malo ake pa 285, aliyense amalimbana ndi wolemera mofanana naye. Ma period atatu a mphindi ziwiri ziwiri, mphindi 6 zokha, koma mwana amatuluka miyendo ikunjenjemera, ndipo akaluza palibe womuloza chala, amagwirana chanza ndi amene wamugonjetsayo pamaso pa anthu onse.

AnesiAUsiku

Pepani mayi. Ndiyankhe funso lanu lomalizalo poti ndine nesi komanso mwana wa achemwali anga amasewera.

Khutu lija limabwera chonchi, likamenyeka kapena kukhulika kwambiri magazi amadzadza pakati pa khungu ndi kachichereŵechereŵe ka khutu, akapanda kuwachotsa msanga amauma khutu nkupindika mpaka kalekale. Akathamangira nalo kuchipatala nkuchotsa magaziwo ndi kulimanga limabwerera. Masiku ano ku high school mwana saloledwa kulowa mu mpikisano opanda zoteteza makutu, vuto limakhala ku practice kumene ana ena amavula akuti zikutentha, kapena zilipo zochepa akubwerekana. Nde mukagula zoteteza makutu zokwanira mwana aliyense chake chake, mwachitapo kanthu pa chinthu chomwe chikukuopsanicho.

Chimene ife timachiona kwambiri si makutu koma khungu. Zipere, impetigo, herpes ya pakhungu, nthawi zina MRSA, bakiteriya imene imavuta mankhwala. Ana amakhudzana thupi ndi thupi thukuta lili chuchuchu, nde mat ikapanda kukolopedwa ndi mankhwala tsiku lililonse timu yonse imatha kugwidwa sabata imodzi. Asanasewere amawayang'ana khungu ndipo wopezeka ndi chilonda chokayikitsa amabwezedwa. Mankhwala okolopera, ma mop osiyana ndi a ku toilet, sopo wosambira akangomaliza, palibe amene amafuna kulembapo dzina la malemu pa chigubu cha mankhwala koma zimenezi ndi zimene zimasunga ana.

China ndi sikelo. Nthawi ya apongozi anu ana amadzimana chakudya ndi madzi, kuthamanga atavala mapulasitiki kuti atsike kulemera. Mu 1997 anyamata atatu a ku koleji anamwalira motsatizana mu November ndi December akuchita zimenezo, ndipo kuchokera pamenepo malamulo anasintha. Pano ku high school season isanayambe amayeza mkodzo kuona ngati mwana ali ndi madzi okwanira m'thupi, amayeza mafuta, mnyamata asatsike pansi pa 7 peresenti, mtsikana 12 peresenti, ndipo saloledwa kutsika kuposa 1.5 peresenti ya kulemera kwake pa sabata. Sikelo yabwino yolondola ndi mphatso yeniyeni.

Sindikunamizani kuti savulala, mawondo ndi mapewa timawaona, kugunda mutu kumachitikanso. Koma ine mwana wanga nditamulola. Chimene ndingayang'ane ndi kochi, kodi mwana akagunda mutu amamukhazika pansi kapena amati limba mtima pitiriza. Mukapita ku practice kuja muonetsetse zimenezo musanatulutse cheke.

Chilungamo_77

Pepani ndi zovutazi achemwali, koma mundilole ndilankhule zosiyana ndi anzangawa. Munthuyu anali msilikali, mwanena nokha kuti za kunkhondo samatha nkuzikamba komwe, zikusonyeza kuti anasenza katundu wolemera moyo wake onse. Anzake amene anapita nawo ku Vietnam alipo mpaka lero akuvutika, ena ndi matenda obwera ndi Agent Orange, mankhwala aja amapopera nkhalango, ena mutu sunabwerere, ena alibe pogona. Bwanji ndalamazi zisapite kwa amenewo? Kuli DAV, bungwe la asilikali akale olumala, imene imanyamula ma veteran (asilikali akalewo) ulele kupita nawo kuchipatala cha VA, cha boma chothandiza asilikali akale, kuli Fisher House kumene mabanja amagona osalipira wodwala wawo akagonekedwa. Sukulu ili ndi bajeti yake yochokera ku misonkho, ndipo makolo a anawo ali moyo. Ine ndikuona ngati kulemekeza msilikali ndi kuthandiza asilikali anzake, masewera angodikira. Ndangoti ndinene, chisankho ndi cha banja.

Sajeni_Wopuma

Achimwene Chilungamo, mabungwe mwatchulawo ndi abwino ndipo DAV inandinyamulapo ine ndemwe nditachitidwa opaleshoni ya bondo, sindingawanyoze. Koma ndiyankhule ngati munthu amene wavala yunifomu ya US Army zaka zambiri nkupuma.

Ife tikamwalira anthu amathamangira kutikumbukira ngati asilikali basi, chithunzi cha yunifomu, mendulo, mbendera. Koma usilikali wa bambo awa unali wa zaka zochepa ndipo sanaupemphe, pomwe ku Hershey amapita okha chaka ndi chaka popanda wowatuma. Azibambo amene anafola pamaliro aja sanabwere chifukwa cha Vietnam. Munthu amene wabwera kunkhondo nkumasowa tulo amafuna malo amene zinthu zili ndi malamulo omveka, awiri alimbana, wina wapambana, agwirana chanza, onse apita kwawo amoyo. Ndikukhulupirira kuti chipinda cha wrestling chija chinawasunga bambowa, ndipo iwo amabweza pogula nsapato. Komanso anthu anapereka atawerenga kuti ndalama zikupita ku wrestling, kuzitembenuza pano nkuwalakwira operekawo.

Ku Washington kuli khoma lija la Vietnam Veterans Memorial, analitsegula mu 1982, lili ndi mayina opitirira 58,000, koma ndi a amene anafera kunkhondoko kapena anasowa. Amene anabwerako nkukalamba ngati apongozi anu sali pamenepo, owakumbukira ndi inuyo a pabanja ndi mudzi wawo. Nde ziwirizi mutha kuziphatikiza osawononga ndalama. Pemphani sukulu kuti mpikisano umodzi wa pakhomo chaka chilichonse ukhale wokumbukira malemu, ma veteran alowe ulele, muitane a mabungwe a ma veteran monga American Legion kapena VFW a m'dera lanulo abwere ndi mbendera poyambira, amabwera mosangalala ndipo ambiri ndi okalamba amene amangokhala okha kunyumba. Veterans Day, tsiku lolemekeza ma veteran onse, ndi 11 November, nthawi imene season ikungoyamba kumene, nde mpikisano woyamba wa pakhomo mu December umakhala pafupi. Musasokoneze ndi Memorial Day ya kumapeto kwa May, imeneyo ndi ya amene anafera pa ntchito. Palinso 29 March, tsiku la ma veteran a Vietnam, lokumbukira pamene asilikali omaliza omenya nkhondo anachoka kumeneko mu 1973, limenelo lingakhale labwino popereka mphatso ya kumapeto kwa season.

Mukafuna kulemba udindo wawo kapena gulu limene anali, musalembe za pamtima, funsani apongozi aakazi pepala lotchedwa DD-214, ndi limene msilikali aliyense amalandira potuluka ndipo zonse zili pamenepo. Ma veteran akaona udindo wolakwika pa chikwangwani zimawapweteka. Ndipo muwafunse mayiwo ngati malemu akanakonda chithunzi cha yunifomu chipachikidwe, ena a Vietnam sanalandiridwe bwino pobwerera ndipo yunifomu anaitsekera mu sutikesi osafunanso kuiona. Mwina chithunzi choyenera ndi cha ali mnyamata atavala singlet.

MayiWaMaAkaunti

Pepani achemwali. Ine ndikambe za mapepala poti mwati akusiyirani inu, ndipo ndinapsapo kale pa nkhani ngati yomweyi.

Mchimwene wa amuna anga atamwalira tinapereka ndalama ku sukulu ina kuti zithandize timu imene iye amaikonda, tinangopereka cheke pamanja nkugwirizana pakamwa ndi kochi, munthu wabwinobwino. Patatha chaka kochiyo anasamuka, wobwerayo samadziwa kalikonse, titafunsa anatiuza kuti ndalama zinalowa mu thumba la masewera onse. Palibe anaba, koma zimene timafuna sizinachitike ndipo tinalibe pepala loti tiloze. Mpaka lero apongozi anga akaikumbukira amadandaula.

Nde choyamba, cheke musalembe dzina la kochi, olo akhale wokhulupirika bwanji, mumamuika pa mayesero komanso pa mavuto ndi mabwana ake. Njira ndi ziwiri, ku school district (ofesi yoyang'anira sukulu za m'dera) kudzera kwa athletic director (mkulu wa zamasewera pa sukulu), kapena ku booster club. District ndi yokhazikika, sisamuka, koma zinthu zimayenda pang'onopang'ono, mphatso yaikulu nthawi zambiri imadikira board ivomereze ndipo kugula nsapato peyala imodzi kumafuna mafomu. Booster club imathamanga, mwana akasowa nsapato Lolemba Lachitatu wavala, koma makolo amasinthasintha ana awo akamaliza. Mukasankha booster club muyambe mwaona ngati ili yolembetsedwa ngati 501(c)(3), kutanthauza bungwe lothandiza anthu losalipira msonkho, pa webusaiti ya IRS (nthambi ya boma ya misonkho) pali posakira mabungwe otere, chifukwa gulu likakhala zaka zitatu zotsatizana osatumiza Form 990, lipoti la pachaka la ndalama, limachotsedwa lokha pa mndandandawo ndipo timagulu ta makolo tambiri timagwa pamenepa osadziwa. Funsaninso ngati cheke chawo chimasainidwa ndi anthu awiri.

Chachiwiri lembani kalata ya tsamba limodzi, yonena dzina la thumbalo, ntchito yake, amene azivomereza kugula, lipoti kamodzi pachaka kwa banja, komanso chidzachitike nchiyani timu ikadzatha kapena kuphatikizidwa ndi sukulu ina. Asaine athletic director ndi wapampando wa makolo, osati kochi yekha. Pa za msonkho, mphatso ya $250 kapena kuposa imafuna kalata yochokera kwa olandirawo, ndipo musatchule mwana amene alandire, mukati ndalamazi ndi za mwana wakutiwakuti IRS imaiona ngati mphatso kwa munthu osati ku bungwe. Asankhe ndi a sukulu.

Za sikolashipu yosatha, alamu anu adziwe masamu ake. Ma community foundation, mabungwe a m'dera oyendetsa mathumba otere, amasunga ndalama nkumatulutsa pafupifupi 4 kapena 5 peresenti pachaka, ndipo ambiri amafuna muyambe ndi $10,000 kapena kuposa. Pa $6,200 ndiye kuti mwana azilandira $250 kapena $300 pachaka, ku koleji imeneyo ndi ya mabuku awiri, pomwe ku chipinda cha wrestling ndi nsapato za ana angapo.

Chomaliza chimene anthu amaiwala, atsikana. Lamulo la Title IX la 1972 limati sukulu yolandira ndalama za boma isakondere anyamata, ndipo olo ndalama zichokere kwa inu kapena kwa makolo, sukulu ndi imene imayankha ngati mbali imodzi yatsalira. Kwanuko PIAA, imene imayendetsa masewera a m'sukulu ku Pennsylvania, inavomereza wrestling ya atsikana mu 2023 ndipo mpikisano wawo woyamba wa state unachitika ku Hershey komweko mu March 2024. Kuyambira pamene Helen Maroulis anatenga golide pa Olympics ku Rio mu 2016, mkazi woyamba wa ku America kutero pa wrestling, atsikana akulowa ambiri, ndipo matimu awo poti ndi atsopano ndi amene alibe zinthu, ena amavala ma singlet osokedwera anyamata. Mu kalatamo mulembe kuti thumbali ndi la anyamata ndi atsikana omwe.

BamboWaOhio

Mayi a maakaunti anena zoona pa atsikana, kwathu kuno chaka choyamba amachita kudikira anyamata amalize kuti apeze mat. Ndiwonjezere kamodzi, nsapatozo zikamaperekedwa pasakhale mwambo olo kujambula zithunzi za pa Facebook. Kochi angomuitana mwana pambali. Wa zaka 14 atha kulolera kusewera ndi tepi kusiyana nkuti anzake adziwe kuti wapatsidwa.

Mtengwa_PA

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo konse ndipo zina ndinawawerengera amuna anga ndikumasulira. Achimwene Chilungamo musadandaule, mawu anu sanapite pachabe, alamu anga atamva za DAV anati iwo azipereka kumeneko pawokha mwezi wa March uliwonse.

Lachiwiri tinapita ku practice monga munanenera, ine, amuna anga ndi apongozi aakazi amene poyamba amakana koma titafika pa galimoto anatulukira atavala kale jekete. Kachipinda kake kali kuseri kwa gym, kotentha, fungo la thukuta ndi mankhwala okolopera, ana ngati 30 ndipo atsikana ndinawerenga 7. Katoni ya nsapato ija ilikonso kuno achimwene a ku Ohio, pakona penipeni, ndinangoiona misozi nkuyamba. Mwana wina anagunda mutu pang'ono ndipo kochi anamukhazika pansi nthawi yomweyo nkuitana trainer, anesi ndinakumbukira mawu anu. Titamufunsa za m'thumba mwake anayamba waseka, kenako anati mankhwala a mat akatha pakati pa season, ndalama zolembetsera ana atatu kapena anayi chaka chilichonse, ndi chakudya cha pa ulendo cha amene abwera opanda kanthu. Mat anati ikadali bwino, itha kupirira zaka zina.

Chimene sitimadziwa nchoti kochiyo amawadziwa malemu. Akuti November aliyense amabwera ndi envelopu nkumusiyira osanena zambiri, amangoti mukudziwa kale ntchito yake. Apongozi aakazi anangogwedeza mutu, kenako mu galimoto anatiuza kuti iwo amadziwa, ndi amene amakatenga ndalamazo ku banki.

Amuna anga za mat azisiya okha. Tagwirizana kuti $5,000 ipite ku booster club, tayang'ana pa IRS ili bwinobwino, ikhale thumba la nsapato, zoteteza makutu ndi zolembetsera kwa anyamata ndi atsikana, kochi ndi athletic director azivomereza awiri, ife tizingolandira lipoti lopanda mayina a ana. Yotsalayo tigule sikelo yatsopano, mankhwala a mat a season yonse ndi kachikwangwani kakang'ono ka mu chipinda cha practice momwemo, osati mu gym. November aliyense a pabanja tiziwonjezera mu thumbamo monga amachitira eni ake. DD-214 yapezeka mu sutikesi, Sajeni munalondola, yunifomu inali momwemo yopindidwa. Apongozi asankha chithunzi cha singlet, udindo wa usilikali ulembedwa pansi ndi zilembo zing'onozing'ono. Kabuku ka mapointi kaja akuti sapereka, kakhala pa tebulo la kuchipinda kwawo.

Athletic director wavomera za mpikisano wokumbukira, akuti tikumane sabata ya mawa tisankhe tsiku mu December. Mayi a maakaunti, kalata ija ndayamba kulemba koma pa chiganizo cha timu ikadzatha ndakanirira, ndikutumizirani ku inbox usiku uno mundiwonereko ndisanapite nayo kukasainitsa.